Akati "musatuluke m'nyumba": zoyenera kuchita kwa ife a mu Lilongwe

Mvula yoyamba ikangogwa, kapena mphekesera za zionetsero zikayamba kuzungulira m'tauni, achibale, anansi ndi amayi akumpingo amandifunsa funso limodzimodzi: "Akuti tisatuluke m'nyumba. Nanga m'nyumbamo tizitani?" Ndayankha pafoni, ndayankha mu minibasi, ndayankha ngakhale pamaliro. Lero ndalemba zonse pamodzi kuti wofuna aziwerenga yekha n'kupatsirako mnzake.

Timvane kaye. Malangizo ambiri omwe timamva amakambidwa ngati aliyense amakhala m'nyumba ya selefu, yomwe chimbudzi, bafa, mpopi ndi khitchini zili mkati. Ambirife ku Mtandire, Chinsapo, Mgona, Kauma, Area 25, Area 36, Kawale ndi Mchesi si mmene tikhalira. Madzi timakatunga pakiyosiki kapena pampopi wa pabwalo, chimbudzi ndi cha poloti yonse, tiphikira pambaula pakhonde, ndipo ufa timagula wa tsikulo. Kwa munthu wotere, kukhala m'nyumba masiku awiri kapena atatu kumafuna kukonzekera kunja kuli bata. Komanso pamafika ola lomwe nyumba yomwe mwabisalamoyo ndiyo ingakupheni, ndipo olalo muyenera kulidziwa lisanafike.

1. Dziwani chomwe mukubisalira, ndipo idziweni nyumba yanu

Si vuto lililonse lofuna kudzitsekera. Zionetsero zikasanduka chipwirikiti, miyala ikuuluka, utsi wokhetsa misozi uli tolo, malo abwino ndi m'nyumba. Amene analipo pa 20 Julayi 2011, kapena m'miyezi ija yotsatira chisankho cha Meyi 2019, akudziwa momwe msewu wabwinobwino umasinthira pa ola limodzi. Mvula ya mphenzi ndi mkuntho nayo imafuna m'nyumba. Matenda oyenda mumpweya, monga Covid-19 yomwe inapezeka koyamba m'dziko muno mu Epulo 2020 kuno ku Lilongwe, amafunanso kuti anthu achepetse kuyendayenda.

Koma moto, fungo la gasi, khoma lomwe layamba kung'aluka ndi madzi osefukira zimafuna kuti mutuluke, msanganso. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kulowa m'nyumba za ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo. Mu Disembala chaka chomwecho madzi anasakaza ku Kaliyeka, Chipasula, Kawale ndi Mchesi, anthu n'kutaya miyoyo. Kumeneko wodzitsekera ndiye anali pangozi.

Choncho lero lomwe, kunja kukuwala, izungulireni nyumba yanu. Inamangidwa ndi njerwa zootcha kapena zidina? Zidina ndi njerwa zongoumba n'kuumitsa padzuwa, osaotcha, ndipo zikamwa madzi masiku angapo zimabwerera kukhala dothi. Maziko ake ndi a simenti kapena a matope? Mvula ikagwa, madzi amachokera kuti n'kulowera kuti? Ngalande ya pafupi ikuyenda kapena yatsekeka ndi majumbo? Denga linamangiriridwa kukhoma ndi waya, kapena malata angopsinjidwa ndi miyala ndi matayala? Ngati ndinu alendi, funsani anansi okhalitsa kuti madzi akakwiya amafika pati. Musadalire mawu a alandilodi okha, iwo akufuna nyumba yawo ikhale ndi munthu.

2. Madzi

Chomwe chimayamba kutulutsa anthu m'nyumba ndi madzi, njala imabwera pambuyo. Kunja kukavuta wogulitsa pakiyosiki satsegula, ndipo magetsi akathima nthawi yaitali mipopi nayo imatha kuuma. Mukukumbukira momwe tinakhalira mumdima namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira mu Januwale 2022, chonsecho namondweyo anagwa kutali ndi kuno.

Werengani motere: munthu mmodzi, malita 4 patsiku akumwa ndi kuphikira. Banja la anthu asanu ndiye chigubu chimodzi cha malita 20 patsiku, zigubu zitatu masiku atatu. Osamba ndi ochapira ndi apadera, amenewo mungatchere a padenga, bola mulole mvula iyambe yatsuka malata. Madzi akumwa thirani WaterGuard kapena kulorini yemwe amagawa alangizi a zaumoyo, motsatira muyeso wolembedwa pabotolo, n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Mankhwala akasowa, wiritsani mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu.

Zolakwika zomwe ndimaona kawirikawiri ndi zitatu. Ena amasungira madzi m'chigubu chomwe munali petulo, palafini kapena mankhwala a mbewu, poganiza kuti kutsuka kwathetsa zonse. Ena amadzaza zigubu mu Novembala n'kudzazitsegula mu Febuluwale. Muzigwiritsa ntchito madziwo n'kudzazanso sabata iliyonse. Ena amasiya ndowa kapena mgolo osavundikira m'nyumba momwe muli mwana wokwawa. Mwana wotere amamira m'madzi ochepa kwambiri, ndipo salira.

3. Chakudya, mankhwala ndi kandalama kam'manja

Ndikudziwa kuti wodya za ganyu kumuuza kuti asunge chakudya cha masiku atatu kumamveka ngati chipongwe. Ndi chifukwa chomwecho mavenda anakwiya mu Epulo 2020 boma litalengeza m'bindikiro wa masiku 21, womwe khoti lalikulu linauimitsa usanayambe. Komabe masiku atatu si masiku 21. Tapani kapu imodzi ya ufa nthawi iliyonse mwagula wochulukirapo, thirani m'ndowa yotseka, ndipo ndowayo isakhudzidwe. Pofika pakati pa dzinja mudzakhala muli ndi kena kake.

Sankhani ndiwo zosadya makala ambiri: soya pisi, usipa, bonya, mazira, mfutso. Nyemba ndi zabwino koma zimatha makala a tsiku lonse. Chofunika kwambiri, chomwe ambiri amaiwala, ndi chakudya chosafuna moto ngakhale pang'ono: mtedza wokazinga, chiponde, buledi, mabisiketi, nthochi, chimanga chokazinga. Chifukwa chake muchiona pa gawo 6. Mchere, shuga, machesi okulunga m'jumbo ndi sopo zikhale pamodzi.

Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaya ndi ma ARV, a TB, a BP, a shuga, a khunyu kapena a mphumu, asamadikire kuti atsale mapiritsi awiri. Mukamva kuti sabata yamawa kukhala zionetsero, kapena a zanyengo achenjeza za mvula yamphamvu, onani tsiku lanu lokatenga mankhwala, ndipo ngati layandikira kafotokozeni kuchipatala msanga. Mayi woyembekezera yemwe masiku ake akwana asagone kutsidya kwa mtsinje, apite kwa wachibale wa pafupi ndi chipatala kapena akadikirire kuchipatala komweko.

Ndalama ya mu Airtel Money kapena Mpamba ndi yabwino, koma ma ejenti akatseka zitseko simungaitulutse. Sungani kochepa m'manja, kosinthasintha, ndipo mayunitsi a magetsi ndi a foni mugule dzulo lake.

4. Panganani za ana ndi za omwe ali kuntchito

Anthu ambiri amavulala ali panjira yopita kunyumba. Mayi wamva kuti kwavuta, wanyamuka kukatenga mwana kusukulu, mwananso wathawa kusukulu kulowera njira ina, onse awiri ali pamsewu. Bambo ali ku Old Town kapena ku City Centre, maminibasi asiya kuyenda, akuti ndiyenda wapansi n'kukumana nazo pamlatho.

Pangano likhale lakuti aliyense akhale pomwe ali ngati pali potetezeka, mpaka zitadutsa. Funsani aphunzitsi kuti kukavuta ana amawasunga kapena amawabalalitsa. Ngati amawabalalitsa, pezani nyumba ya munthu wodalirika pafupi ndi sukulu ndipo mumuonetse mwanayo khomo lake ndi maso. Tsiku lomwe zionetsero zalengezedwa, ine ndimati mwana wamng'ono ajombe. Phunziro la tsiku limodzi adzalipeza. Ogulitsa malonda mumsika wa Tsoka ndi kudepoti, mtsinje wa Lilongwe ukadzaza musadutse pa timilatho tamitengo tija ngakhale mwachedwa chotani.

Mwana aliyense wopita kusukulu aloweze pamtima nambala imodzi ya foni. Manambala ena lembani papepala n'kumata kukhoma: 997 ya apolisi, ya polisi yaing'ono ya m'dera lanu, ya ozimitsa moto a khonsolo ya mzinda, ya abuloko lida, ya mlangizi wa zaumoyo, ndi ya wa galimoto kapena wa kabaza yemwe angadzuke usiku. Netiweki ikadzaza, uthenga wolemba umadutsa pomwe kuimba kukukanika.

5. Kunja kukakhala chipwirikiti

Lowetsani ana, khomani geti ndi zitseko, tsekani mawindo ndi makatani. Sankhani chipinda chomwe chili kutali ndi msewu, chokhala ndi zenera laling'ono, ndipo mukhale pansi pamphasa. Mfuti zikamalira gonani pansi, kutali ndi zenera. Chipolopolo chosokera chimaboola galasi, chitseko ndi lata mosavuta.

Cholakwika chachikulu pano ndi chidwi. Anyamata amakwera pampanda kuti ajambule, atsikana amasuzumira pageti, ana amathamangira kukatola chitini cha utsi. Chitinicho chimatentha moti chimasupula khungu. Ndipo mnyamata wanu akabwera ndi katundu yemwe akuti watola kumashopu, musamulole alowe naye. Mawa lake apolisi akamayenda khomo ndi khomo, wonjatwa ndi mwini nyumba.

Utsi wokhetsa misozi kwenikweni ndi ufa wosalala kwambiri womwe umamatirira pakhungu, pazovala ndi pamakatani. Ukamafika kwanu, nyowetsani zitenje kapena matawulo n'kutseka mpata wa pansi pa chitseko, m'mphepete mwa mawindo ndi timabowo ta mpweya ta m'khoma. Wolowa kuchokera kunja avule zovala zapamwamba pakhomo n'kuziika m'jumbo. M'maso tsukani ndi madzi oyera ambiri, akuyenderera kuchokera chakumphuno kupita kunja, osatikita. Musapake Vaseline, mafuta ophikira kapena mankhwala otsukira mano, mafuta amagwira ufawo pakhungu. Khanda, nkhalamba ndi wa mphumu akhale m'chipinda chamkati. Wina akamabanika osasintha, ameneyo ndi wa kuchipatala. Chitini chikagwera m'nyumba mwenimweni, tulukani nonse kukhomo lina, mulowere komwe kukuchokera mphepo. Kunja kukayera tsegulani zonse ndi kukolopa ndi nsalu yonyowa, chifukwa tsache limangoutsanso ufawo.

6. Mbaula: pano ndi pomwe mabanja amafera ali chitsekere

Gawo ili muwerenge kawiri. Mwatseka mawindo, mwatseka mipata ndi nsalu zonyowa, kunja kukugwa mvula kapena kukulira mfuti, ana ayamba kulira njala. Chomwe chimabwera m'mutu ndi kulowetsa mbaula. Apa ndi pomwe pali imfa.

Makala akamayaka amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Suoneka, sununkha, sutsokomoletsa. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, moti thupi limabanika munthu akupuma bwinobwino. Ambiri amati, "Ndinayatsira panja, ndinalowetsa utsi utatha." Utsi womwe unathawo ndi wooneka uja. Makala ofiira psu, opanda utsi ngakhale pang'ono, amapitiriza kutulutsa poizoniyu mpaka atazimiratu, ngakhale mwawakwirira ndi phulusa.

Zizindikiro zake zimanamiza chifukwa zimafanana ndi malungo: mutu kuwawa, chizungulire, nseru, kufooka kwa miyendo, tulo tosaletseka. Mayi amati ndatopa, ndigoneko pang'ono. Mwana amagona msanga kuposa masiku onse, aliyense n'kuyamika kuti lero sanavute. Chokuuzani kuti si malungo ndi ichi: anthu awiri kapena atatu m'nyumba imodzi adwala mutu nthawi imodzi, ndipo wotuluka panja akupezako bwino. Mukaona zotere musafunsenso, tsegulani chitseko ndi mawindo, tulutsani aliyense, tulutsani mbaula. Wokomoka mugonekeni cham'mbali pamalo a mphepo ndipo muthamangire naye kuchipatala. Musamumwetse mkaka kapena madzi ali chikomokere, atsamwa. Ngakhale atatsitsimuka apitebe kuchipatala, makamaka mwana ndi mayi woyembekezera.

Nanga tidya bwanji? Tsiku la zionetsero phikani m'mamawa kwambiri pakhonde, zinthu zisanayambe, chakudya cha tsiku lonse, n'kuzimitsa makala panja pomwepo. Nthawi yomwe nyumba ili yotsekedwa chifukwa cha utsi, moto usayake m'nyumba, idyani mtedza ndi buledi uja. Tsiku la mvula, ngati khonde likulowa madzi ndipo palibiretu kochitira, ikani mbaula pakhomo penipeni, chitseko chili chotsegula ndi zenera la mbali ina lili lotsegula kuti mphepo izidutsa, ana ali chipinda china. Mukangophula, mbaula ituluke. Musagone nayo ngakhale kwazizira motani, ndipo izi zikukhudzanso Juni ndi Julayi pomwe timafuna kuotha, komanso alonda omwe amadzitsekera m'kanyumba ka pageti.

Jenereta nayo imatulutsa mpweya womwewu, wambiri kuposa mbaula. Malo ake ndi panja, kutali ndi zenera, osati m'khola la galimoto kapena m'kanjira ka m'nyumba poopa akuba. Ophikira gasi, mukamva fungo lake musayatse machesi kapena kukhudza switchi. Tsekani pa silinda, tsegulani mawindo, tulukani. Zowunikira gwiritsani tochi kapena nyale ya sola. Kandulo ikakhala yokhayo, iimikeni m'mbale yachitsulo, kutali ndi neti ndi makatani, ndipo womaliza kugona aizimitse. Ngati mawindo anu ali ndi zitsulo zotchinga akuba, kiyi wa chitseko azikhala pamsomali umodzi womwe aliyense, ndi ana omwe, angaupeze mumdima.

7. Chimbudzi chikakhala panja

Nkhaniyi anthu amachita nayo manyazi, ndiye sakonzekera. Pezani ndowa yokhala ndi chivundikiro, ya ntchito imeneyi yokha, ndipo muilembe chizindikiro kuti isasokonezeke ndi ya madzi. Yalani jumbo yolimba mkati, ndipo aliyense akatha athire phulusa. Ikhale pakona, kutali ndi chakudya, kuseri kwa chitenje kuti akuluakulu asamangike pamaso pa ana. Kunja kukadekha kakhuthuleni m'chimbudzi, osati m'ngalande kapena kuseri kwa mpanda, n'kutsuka ndowayo ndi kulorini. Pambali pake pakhale sopo ndi kabotolo ka madzi osamba m'manja.

Chifukwa chake ndi kolera. Mliri womwe unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe inali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, mpaka sukulu za mumzinda uno zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Mvula ikachuluka zimbudzi zokumba zimasefukira n'kulowa m'zitsime zosaya za m'mapoloti. Madzi a pachitsime amaoneka oyera koma ali ndi matenda. Mkute, nsima yogona ija, ndi ndiwo zadzulo muzitenthetse mpaka zitenthe ndithu.

Wina akayamba kutsegula m'mimba mwamadzi, zooneka ngati madzi otsukira mpunga, yambani pomwepo kumumwetsa Thanzi ORS. Ngati mulibe, sungunulani masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Azimwa pang'onopang'ono muli panjira. Kolera amatha kupha munthu wamkulu pa maola ochepa, ndiye ameneyu sadikira kuti kunja kuche kapena zionetsero zithe.

8. Mphenzi ndi mkuntho

Bingu likamveka, mphenzi ili pafupi moti ikhoza kukufikani. Lowani mkati mwenimweni, pakhonde si m'nyumba. Zulani mawaya a TV, firiji ndi matchaja, musagwire mpopi, musasambe, musatsamire chitseko chachitsulo. Foni yosalumikiza kumagetsi ilibe vuto. Kuphimba kalilole kapena kuvula malaya ofiira sikuteteza munthu. Dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza musanatume mwana kukaanula zovala pawaya. Munthu woombedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi, mugwireni ndi kumuthandiza msanga.

Denga likayamba kusasuka musakwere kukaligwira kapena kulendewera pamtanda. Lowani pansi pa tebulo kapena bedi lolimba, mudziphimbe kumutu ndi matiresi. Chivomerezi chikabwera, monga chija cha ku Salima mu 1989, njira ndi yomweyo: pansi pa tebulo, manja kumutu, n'kutuluka kugwedezeka kukaleka.

9. Mverani wailesi, chepetsani WhatsApp

Tsiku la mavuto mauthenga amawu amachuluka: akuti damu la ku Malingunde laphulika, akuti asilikali akubwera, akuti mlatho wagwa. Makanema ena ndi a zaka zapitazo, ena ndi a dziko lina. Musanatumize kapena kunyamula ana, imvani kaye pa MBC, Zodiak kapena Times, ndipo za mvula mverani nthambi yoona zanyengo ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DoDMA. Mafoni ang'onoang'ono amabatani ambiri ali ndi wailesi ndipo batire yake imakhalitsa, ena amafuna mulowetse mahedifoni kuti agwire. Foni imodzi muizimitse kuti isunge moto.

Ana auzeni zoona m'mawu ochepa ndipo apatseni chochita, kaya bawo, nthano kapena kusankha mtedza. Ndinenenso ichi: m'nyumba zina choopsa chili mkati momwemo. Mukamva kwa aneba mayi kapena mwana akukuwa, musati ndi za m'banja. Gogodani muli awiri atatu, kapena imbirani apolisi.

10. Ola lotuluka

Gawo lovuta kuposa onse ndi ili, chifukwa limafuna kusiya katundu yemwe mwamuvutikira zaka. Anthu sachedwa chifukwa cha umbuli. Amachedwa poopa akuba, podikira bambo omwe sanafike, poona kuti ndi usiku, poganiza kuti chaka chatha madzi anafika pakhonde n'kubwerera. Pakati pa usiku, mvula ili pamalata, ana ali mtulo, palibe amene amaganiza bwino. Ndiye chiganizocho chipangidwe masana, mvula isanafike, banja lonse lili pamodzi.

Sankhani chizindikiro chooneka ndi maso: mwala wa m'mphepete mwa ngalande, sitepe yoyamba ya khonde, tsinde la mtengo wa mango. Nenani kuti madzi akafika apa tikutuluka, popanda kukambirananso. Chizindikirocho chikhale pamalo oti madzi akafikapo njira yothawira ikadali youma. Mukadikira kuti alowe m'nyumba, njira yatsekeka kale. Kumbukiraninso kuti mtsinje wa Lilongwe umachokera ku Dzalanyama, ndipo mitsinje yathu imatha kudzaza ndi mvula yomwe yagwa kumtunda kwanu kusanadonthe. Okhala m'mbali mwa mtsinje, usiku wa mvula yamphamvu muzigona mosinthana, mmodzi azituluka ndi tochi kukaona chizindikiro chija. Mugwirizane ndi anansi kuti woyamba kuona aimbe wezulo kapena amenye chitsulo.

Kwa a nyumba za zidina chizindikiro chili pakhoma. Chinyezi chikakwera kuchokera pansi kufika m'mawondo, mng'alu watsopano ukaoneka kapena wakale ukakula, dothi likamayoyoka lokha, chitseko chikayamba kukanika kutseka, khoma likatupa ngati mimba, tulukani usiku womwewo. Khoma lonyowa silichenjeza kawiri. Mvula ikagwa masiku awiri osalekeza, sunthani mphasa ndi mabedi a ana kuchoka kukhoma lomwe likumenyedwa ndi mvula, ndipo musagoneke munthu pafupi ndi mpanda wa njerwa.

Abambo, nenani pamaso pa onse kuti inu mukakhala kulibe, wamkulu aliyense amene ali pakhomo, kaya ndi mayi, mwana woyamba kapena wantchito, ali ndi mphamvu yotulutsa banja, ndipo simudzamufunsa za TV. Mawu amenewa ndi ofunika kuposa chikwama chilichonse, chifukwa alipo amayi omwe amaima m'madzi akuimba foni yosayankhidwa kuti apemphe chilolezo.

Kothawira mukudziwe ndi mapazi: sukulu, tchalitchi, mzikiti kapena nyumba ya wachibale yomwe ili pamtunda, tsidya lanu lomwelo, kosafuna kuoloka mtsinje kapena mlatho. Yendani njirayo masana ndi ana. Agogo, olumala, odwala ndi amayi a makanda apite kumeneko kusanade, chenjezo likangomveka. Akagonako mvula n'kusabwera, palibe chatayika.

Pafupi ndi chitseko pakhale chikwama chimodzi. Mkati mwake, m'jumbo yomanga bwino, muikemo ziphaso za unzika, mabuku a kuchipatala, masatifiketi a sukulu, mapepala a malo, mankhwala, tochi, tchaja, kandalama ndi zovala zosinthira ana. Zina zonse kwezani pamwamba. Potuluka thimitsani magetsi pa meni switchi ngati pansi pali pouma ndipo manja anu ndi ouma. Madzi akakhala alowa kale, isiyeni. Masulani galu. Valani nsapato. Khomani chitseko muzipita.

Madzi othamanga ongopitirira mu akakolo, masentimita 15 okha, amagwetsa munthu wamkulu, ndipo ofika masentimita 30 amatha kuyandamitsa galimoto yaing'ono. Pansi pake pali ngalande zosavundikira, maenje a zimbudzi ndi mawaya. Ngati palibe njira ina koma kudutsa madzi odekha, tsogozani ndodo, gwiranani manja, mwana mum'bereke m'mwamba. Madzi akakutsekerezani musayese kusambira. Kwerani pamalo okwera ndi olimba, wunikani tochi, menyani poto, imbani foni. Mukatuluka musabwererenso kukatenga kanthu. Akuluakulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala, ndipo ambiri amakokoloka paulendo wachiwiri, wobwerera mbuzi kapena thumba la chimanga.

11. Zikadutsa

Musathamangire kutuluka phokoso likangoleka. Yambani mwamva pawailesi, kenako atuluke wamkulu mmodzi kukaona. Waya wa magetsi wogwa pansi muutenge ngati wamoyo, ikani munthu patali aziletsa ana, ndipo dziwitsani a ESCOM. Nyumba yomwe munalowa madzi muyambe mwaizungulira kunja kuona makoma musanalowe, ndipo magetsi asayatsidwe mpaka wodziwa ataona mawaya. Gwedezani zofunda ndi nsapato, njoka ndi zinkhanira nazo zimathawira pouma. Chakudya chokhudzidwa ndi madzi osefukira tayani, ziwiya tsukani ndi kulorini, ana asasewere m'zithaphwi, ndipo neti ipachikidwe usiku woyamba womwewo chifukwa udzudzu uchuluka.

Gogodani kwa agogo okhala okha ndi kwa mayi wa ana ang'onoang'ono. Ngati nyumba yagwa kapena katundu wapita, jambulani zithunzi ndipo kalembetseni kwa abuloko lida kapena amfumu tsiku lomwelo, chifukwa maina opita kukhonsolo ndi ku DoDMA amayambira kumeneko. Mukatero dzazaninso zigubu, bwezeretsani ufa m'ndowa ija, ndipo ngati madzi anapitirira chizindikiro chanu msanga kuposa momwe munkaganizira, sankhani china cha kumunsi kwake.